Hard disk ikufa, ndikopere bwanji zonse kupita ku yatsopano?

Achemwali ena amene ali ndi kashopu kotayipa ndi photocopy pa Kamuzu Road kuno ku Salima anditumizira imelo. Akuti laputopu yawo ya 500GB ikumangouma, nthawi zina blue screen, ndiye agula SSD (disiki yamakono yopanda zozungulira mkati) ku Lilongwe ndipo akufuna asamutse zonse, Windows, mapulogalamu ndi mafayilo a makasitomala, osayambiranso pachiyambi. Ayambire pati?

Achemwali, choyamba lekani kumangoyiyatsa kuti muone ngati yachira. Disiki yodwala ikamazungulira ndi pomwe imaonongekera. Ngati mukumva kuti kete-kete mkatimo, thimitsani basi, pamenepo nthawi zambiri chavuta ndi kamutu kowerenga ndipo palibe pulogalamu ingakonze, zimenezo ndi za a data recovery ndipo amadula zedi. Ngati ili zii, ikani CrystalDiskInfo, pulogalamu yoyeza thanzi la disiki, ndi yaulere. Ikalemba Caution yachikasu, makamaka pa Reallocated Sectors kapena Current Pending Sector, ndiye kuti yadwaladi.

Musanayambe za clone, kutanthauza kukopera disiki yonse momwe ilili kupita ku inzake, tengani fulashi mukopere kaye zomwe simungazipezenso, ma CV a anthu, Excel ya ngongole, zithunzi. Ndipo chonde chkdsk kapena defrag (zida za Windows zokonzera ndi kusanja disiki) pa disiki yakaleyo ayi, ndi ngati kuthamangitsa munthu wa malungo. Ngati BitLocker (loko ya Windows yotsekera disiki) ili yoyatsa, lembani recovery key yake, nambala yotsegulira, papepala.

Onaninso saizi ya SSD yanuyo, simunanditchulire. Njira ndikukuuzaniyi imakopera sector (kagawo kakang'ono ka disiki) iliyonse, ndiye yatsopano ikhale yofanana kapena yokulirapo. 512GB ndi bho, koma 480GB siikwana ngakhale mafayilo anu atakhala ochepa bwanji.

Mapulogalamu ambiri a clone a pa Windows akafika pamalo oonongeka amangoima n'kulemba error, kapena amakakamira pomwepo mpaka disiki kutheratu. N'chifukwa chake ine ndimakonda ddrescue, iyo imayamba yatenga zonse zabwinobwino mwachangu, malo ovutawo imawadumpha n'kudzawabwerera kumapeto. Pangani dawunilodi SystemRescue, momwe muli ddrescue yo, pa kompyuta ina (pamafunika bandulo yabwino ndithu), muyiike pa fulashi ndi pulogalamu ya Rufus, SSD muyilumikize ndi kachingwe ka SATA to USB, kenako yatsani laputopu kuchokera pa fulashiyo. Lembani lsblk muone mayina a madisiki, ndipo apa ndiye musathamange, mukasemphanitsa mukopera SSD yopanda kanthu pamwamba pa ntchito yanu yonse. Tinene kuti yakale ndi sda, yatsopano sdb:

ddrescue -f -n /dev/sda /dev/sdb map.log

Ikamaliza:

ddrescue -d -f -r3 /dev/sda /dev/sdb map.log

Yachiwiriyo imayesa malo ovuta aja katatu. Ka map.log ako ndi kofunika kwambiri kwathu kuno, kamasunga pomwe ntchito yafika, moti magetsi akathima mukayatsanso n'kulembanso command yomweyo imapitiriza pomwe inalekera. Koma kakhale pa fulashi ina yapadera, lowani kaye mu fulashiyo musanalembe ma command, chifukwa mukangokasiya mu SystemRescue kamafufutika laputopu ikathima, komanso mukayatsanso bwerezani lsblk poti mayina aja amatha kusinthana.

Zitha kutenga maola angapo, mwina usiku wonse ngati malo oonongeka ndi ambiri. Ndi kutentha kwa kunyanja kunoku musayiike pa bedi kapena pa mkeka, ikhale pa tebulo, fani ikuwomba, chaja ili momwemo.

Ikatha chotsani disiki yakale, ikani SSD, yatsani. Apa tsopano chkdsk mutha kupanga, pa yatsopanoyo. Layisensi ya Windows 10 kapena 11 nthawi zambiri imamangika ku motherboard, ndiye kusintha disiki sikuyisokoneza. Ikakana kubuta mwina malo oonongeka aja anagwera pa mafayilo a Windows, zikatero lumikizani SSD ku kompyuta ina ndi kachingwe kaja, tulutsani mafayilo anu, kenako ikani Windows yatsopano. Yakaleyo musayifomate msanga, isungeni mu kabati mpaka mutatsegula mafayilo ofunika n'kuona kuti akutseguka.