Musanamizidwe ndi kasitika ka i7

Achimwene, ngati mukufuna kugula laputopu yosewerera magemu a PS2, ndalamazo zisatuluke m'thumba musanaone nambala yonse ya purosesa. Zoti "ndi i7, RAM 8GB, magemu onse a PS2 imakoka bwinobwino" ndi mawu omwewo amene wogulitsa anandiuza ine, moti mpaka lero ndikamadutsa pa kashopu kaja ku Limbe mtima umandiwawa.

Yanga inali i7-3517U. Sitika yonyezimira ndithu, koma purosesayo ndi ya 2012, ma core awiri okha, 1.9GHz, ndipo U wakumapetoyo akutanthauza kuti anaipanga kuti izisunga batire, imadya ma watt 17 basi. Ndi ya malaputopu opyapyala olembera malipoti muofesi. Wogulitsa uja ankadziwa zonsezi. Ndinamuuza maso ndi maso kuti ndikufuna yoikapo PCSX2, pulogalamu (emulator) yosewerera magemu a PS2 pa kompyuta, iye amvekere "bwana, awa ndi makina", n'kunditsegulira God of War pomwepo, Kratos akuthamanga myaa osajama olo pang'ono. Kumeneko anali akundiphimba m'maso. Imene anandionetsayo inali Chains of Olympus, ya kagemu kam'manja ka PSP, pa emulator yake ya PPSSPP, gemu yoti ngakhale foni yapakatikati imakoka osatuluka thukuta. Anaidzazitsa sikirini yonse dala kuti dzina la pulogalamu lisaoneke.

Ndiye Loweruka lake ndinaitana anthu. Alamu anga anabwera, mafana awiri apaneba, mnzanga wina wakuntchito. Mapadi ndagula, HDMI ndalumikiza ku TV, mayi akunyumba akazinga mbatata, ine ndikuyenda chodzitukumula pabalaza kuti lero muona za kale. Ndayika God of War II. Menu bwinobwino, kanema woyambirira bwinobwino. Titangofika ku Rhodes pamene chimphona cha Colossus chija chimayamba kuphwanya nyumba, zonse zinangoti zii. Speed, nambala yoonetsa liwiro la gemu pakona pa sikirini, inatsika kufika m'ma 40%. Kratos akaponya unyolo, umayenda pang'onopang'ono mumlengalenga moti umatha kutafuna mbatata n'kumeza usanafike pa mdani. Mawu anayamba kukokeka ngati kaseti ya m'wailesi yoti mabatire atha. Fani ikulira, mphepo yotuluka m'mbali ikuotcha dzanja, kiyibodi mbali ya kumanzere yosagwirika. Alamu anga, munthu waulemu wake, anafunsa motsitsa mawu kuti "alamu, kodi akuonetsa replay kapena gemu yayamba?" Mafana aja anachita kugwa pansi ndi phwete.

Ndinasintha msangamsanga kuika PES 6 kuti ndibise manyazi. Iyo inayamba bwinoko, koma makina atatentha, kona iliyonse osewera akadzazana m'bokosi mpira umachita kuyandama. Kenako magetsi thii. TV yazima, ndati tipitirize pa sikirini ya laputopu, koma ikakhala pa batire imadzichepetsa mphamvu yokha, ndiye ngakhale PES yomweyo inafa. Mfana wina anangodzuka n'kuti "tiyeni kumsika tikasewere yolipira". Onse anatuluka. Ndinatsala ndi mayi akunyumba akundiyang'ana osayankhula, pajatu zinali ndalama za chipereganyu.

Nditabwerera kushopu, mkulu uja osachita manyazi n'komwe. Poyamba akuti vuto ndi Windows yanga. Kenako akuti RAM ndi yochepa, ndionjezere, ndipo mwamwayi eti iye anali nayo yogulitsa. Taikamo, palibe chinasintha, Colossus akuyendabe chimodzimodzi. Ndikuti ndibwezereni ndalama zanga, akundilozera kapepala kapakhoma koti katundu akatuluka sabwerera. Madzulo ake wandibuloka pa WhatsApp. Anthu amenewa amangoloweza mawu awiri, i7 ndi RAM, chifukwa akudziwa kuti ambirife tikamva 7 timaganiza kuti yaposa 5. Kuba kwenikweni, kungoti amaba atavala jekete.

Nkhani ili apa ndi yoti emulator imadya purosesa, makamaka liwiro la core imodzi. PS2 inatuluka mu 2000 ili ndi RAM ya 32MB yokha ndi purosesa ya Emotion Engine yosafika ndi 300MHz yomwe, ndiye munthu umaona ngati kompyuta iliyonse ingaipitirire. Koma chilankhulo cha Emotion Engine ndi ma vector unit ake si cha Intel kapena AMD, ndiye kompyuta yanu imayenera kumasulira malamulo onsewo gemu ili mkati, ndipo ntchito imeneyi sigawika bwino ku ma core ambiri. Ikalephera kufika mafelemu 50 kapena 60 pa sekondi, gemu yonse imayenda mwaulesi pamodzi ndi mawu omwe. RAM ya 16GB singakupulumutseni pamenepo.

Lembani nambala ya purosesayo pa Google pamodzi ndi mawu oti PassMark single thread, muone malikisi a liwiro la core imodzi. A PCSX2 amati poyambira ndi cha m'ma 1500, koma kuti mtima ukhale m'malo pezani ya 2000 kupita m'mwamba, ma core anayi, yokhala ndi AVX2 (malamulo apadera a mu purosesa othandiza liwiro). Kwa Intel AVX2 inayamba ndi 4th gen mu 2013, koma ma Celeron ndi ma Pentium akale alibe, amenewo musawayandikire. Windows ikhale 10 kapena 11 ya 64-bit, PCSX2 yatsopano pa Windows 7 siyenda. RAM 8GB yakwana. Ine pano ndili pa desktop yakale ya muofesi, i5-4590, ndinaikamo GTX 1050 Ti yosafuna waya wa magetsi wapadera, ndipo God of War II yomwe ija ikuyenda 100% chithunzi nditachikweza kuposa cha PS2 yeniyeni. i5 imeneyo kuisiya kutali i7 ija. Mukatenga desktop yopyapyala, graphics card yake ikhale low profile, apo ayi chivindikiro sichitseka. Ndipo wina asakugulitseni GT 710 kuti ndi "2GB graphics", palibe chimene mungapindule nayo.

Laputopu ya U musagule. Chabwino, ndisaname, kuyambira 8th gen zinthu zinasintha, i5-8250U ili ndi ma core anayi ndipo magemu ambiri imakoka mukasiya resolution pa native, yofanana ndi ya PS2 yeniyeni, bola ikhale pa chaja ndipo pansi pake pazipita mphepo, osati pa bulangete. Ndi kuzimazima kwa magetsiku laputopu ili ndi ubwino wake, desktop yangayi magetsi akapita ndimangokhala. Za RAM ndanyoza zija, ngati mulibe graphics card yapadera ndiye timitengo tiwiri ta 4GB timathandiza kuposa kamodzi ka 8GB, chifukwa graphics ya mkati mwa purosesa imabwereka RAM yomweyo. Ndipo ngati mukufuna PES ndi Mortal Kombat basi, mwina ingogulani PS2 yeniyeni yakaunjika mupume. Za PS3 pa emulator yake ya RPCS3 musayambe n'komwe kuziganiza pa makina amenewo, imeneyo imafuna purosesa ya ma core 6 kupita m'mwamba.

Mukapita kukaiona tengani flash yanu muli PCSX2, BIOS ya PS2 (fayilo imene PCSX2 imafuna kuti iyatse gemu) ndi gemu yolemera, God of War II kapena Shadow of the Colossus, osalola kuti akusankhireni iwo. Mu PCSX2 yatsani zoonetsa Speed, EE (ntchito ya Emotion Engine) ndi GS (ntchito ya zithunzi) pa sikirini, musewere mpaka makina atenthe, osangoona menu n'kutulutsa ndalama. Speed ikatsika EE ili pa 100% ndiye kuti purosesa yafika pomaliza. Ikakhala GS kapena GPU imene yadzaza, tsitsani resolution muone ngati zisintha. Akakana kuti muyese, tulukani.

Dinani Ctrl, Shift ndi Esc, pitani pa Performance, mujambule pamene palembedwa CPU muponye muno tikuuzeni ngati ili yoona.