Achimwene, musanalumikize debugger pa seva, funsani kaye RabbitMQ

Lachiwiri lapitali ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Mzuzu. Akuti ma meseji akuunjikana mu queue (mzere wa ma meseji odikira kutoledwa) ya RabbitMQ, pulogalamu yosunga ndi kugawa ma meseji imene timaitchanso broker, koma worker yawo ya Python, ndiyo pulogalamu yotola ma mesejiwo, ikuoneka kuti ili moyo, ndiye akufuna ndiwauze momwe angalumikizire debugger, chida choimitsira code n'kuiunika mkati, kuchokera pa laputopu yawo mpaka pa seva kuti aone pomwe code ikukakamira. Ndinawerenga kawiri, kenako ndinadzuka n'kukaima panja kaye, chifukwa funsoli linandikumbutsa usiku wina umene ndimayesetsa kuuiwala.

Achimwene, yankho lanu lili m'munsimu, koma mundilole ndiyambe ndaulula machimo anga.

Zaka zingapo zapitazo ndinkagwira ntchito pakakampani kena ku Lilongwe. Ntchito yathu inali yosavuta kufotokoza: kholo likalipira fizi ya mwana kudzera pa foni, pulogalamu yathu inkalemba malipirowo, n'kuponya meseji mu queue, ndipo ma worker awiri ankatola meseji ija n'kutumiza SMS ya risiti. Ma worker analembedwa ndi pika, library ya Python yolankhulira ndi RabbitMQ. Munthu amene anawalemba ndisanabwere, pofuna kuti ziziyenda mwachangu, anakonza zoti ack, chizindikiro chouza RabbitMQ kuti worker yathana nayo meseji, izitumizidwa kamodzi pa ma meseji 50 aliwonse. Musaiwale nambala imeneyi.

Sabata yotsegulira sukulu, cha m'ma 9 koloko usiku, abwana anaimba foni kuti makolo akudandaula, marisiti sakufika. Magetsi kwathu anali atazima kuyambira madzulo. Ndinakhala pamkeka pabalaza, laputopu pamiyendo, intaneti ndikukoka pa foni, batire ikuchepa ndikuiona. Ndinalowa pa seva, ndinalemba `systemctl status`, ma worker onse awiri akuti active, obiriwira bwinobwino. Ma log ali zii. Palibe error, palibe chilichonse, angosiya kulemba cha m'ma 6 koloko.

Apa m'pamene ndinachita zomwe inu mukufuna kuchita. Ndinayambitsanso ma worker, imodzi ndinaiyambitsa ndi debugpy, debugger ya Python, ndipo poti ndinali ndi changu ndinalemba `--listen 0.0.0.0:5678` n'kutsegula port imeneyo pa firewall. Ndinalumikiza VS Code, ndinaika breakpoint, chizindikiro choimitsira code, pamzere wotsatira uja wotumiza SMS. Code inaima pomwepo, ine mtima m'malo, ndikudziona katswiri. Ndinayamba kutsegula ma variable imodzi ndi imodzi, iliyonse ikutenga nthawi kuti ioneke chifukwa netiweki inali yofooka ndipo seva inali ku Ulaya. Ndinayang'ana, ndinaganiza, ndinakandanso mutu. Nditakanikiza continue, worker inagwa ndi `StreamLostError`. Ndinati mwina ndi netiweki yangayi. Ndinayambitsanso, breakpoint, kuyang'ana, continue, kugwa. Ndinabwereza kasanu kapena kasanu ndi kamodzi mpaka laputopu inazima yokha.

M'mawa foni ya ku ofesi sinapume. Mayi wina analandira risiti imodzimodziyo kasanu ndi kamodzi pakati pa usiku, ndipo ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti tamudula ndalama kasanu ndi kamodzi. Anabwera yekha pa minibasi kuchokera ku Area 25, foni m'manja, akuonetsa aliyense ma SMS aja. Inu mukanamuuza chiyani? Kuti pepani mayi, ndinaima pa breakpoint?

Chinachitika n'chakuti RabbitMQ ndi pulogalamu yolumikizana nayo zimagwirizana za heartbeat, ndipo nthawi yokhazikika ndi masekondi 60. Mbali iliyonse imatumiza kachizindikiro pafupifupi masekondi 30 aliwonse, ziwiri zikaphonyeka broker imangoti mnzathuyu watisiya, n'kutseka connection. Ikatseka, ma meseji onse amene inapereka koma sanalandire ack amabwerera mu queue kuti ena awatole. Tsono `BlockingConnection` ya pika siyankha heartbeat payokha kumbali, imayankha pokhapokha code yanu ikabwerera kwa iyo. Ine nditaimitsa code pa breakpoint, ndinaimitsanso kupuma kwake. Mphindi imodzi ikatha broker inkabweza ma meseji onse opanda ack, kuphatikizapo aja SMS yake inali itapita kale koma akudikira kuti akwane 50, ndipo worker yachiwiri, yomwe inalibe mlandu, inkawatola n'kutumizanso. Debugger imene ndinabweretsa kudzazimitsa moto ndi imene inkathira petulo. Mu log ya RabbitMQ, imene sindinaitsegule usiku wonse, munali mzere wobwerezabwereza: `missed heartbeats from client, timeout: 60s`.

Nanga vuto loyamba lija linali chiyani? Mzere umodzi, `requests.post` wopanda timeout, ndiwo malire a nthawi yodikira yankho. Library ya requests ilibe timeout yokhazikika, ukapanda kuiika imadikira mpaka kalekale. Kampani imene inkatitumizira ma SMS inachedwa kuyankha madzulo aja, ma worker onse awiri anakhala chidikirire, heartbeat inaphonyeka, broker inawachotsa. Process ili moyo, systemd, imene imayang'anira mapulogalamu pa seva, ikusangalala, koma kumbali ya RabbitMQ consumer, ndiye wotola ma meseji, palibe ndi mmodzi yemwe. Ndikanafunsa broker funso limodzi lokha ndikanaona ziro ameneyo pasanathe mphindi.

Ndiye ndinene mosapsatira. Poyamba ndinkati debugger pa seva ya production, imene ikutumikira makasitomala enieni, ndi chida choopsa koma chofunika nthawi zina. Pano ndasintha maganizo, ndipo polemba izi ndikuona kuti ndauma mutu kuposa kale: pa consumer ya queue imene ikugwira ntchito yeniyeni, breakpoint ilibe malo. Debugger inapangidwira pulogalamu imene ukaiimitsa dziko lonse limaima nayo. Consumer sili choncho. Iwe waima, broker ikuwerenga masekondi, database ikusungabe lock yako, ma worker ena akuyendabe, kasitomala akudikira. Zimene ukuona pa breakpoint si vuto lija ayi, ndi vuto latsopano limene walipanga wekha poima.

Ndipo za port ija, manyazi amandigwirabe. debugpy ilibe password. Aliyense amene wafika pa port imeneyo angathe kuyendetsa code iliyonse pa seva yako ngati iwe mwini. Anzathu a Java, musaseke, JDWP yanu, khomo la debugger ya Java pa port 5005, ilinso chimodzimodzi, n'chifukwa chake kuyambira JDK 9 imangomvetsera pa localhost, ndiye kuti mkati mwa kompyuta yomweyo, mpaka utalemba dala `address=*:5005`. Node.js nayo `--inspect` yake imakhala pa 127.0.0.1:9229 pachifukwa chomwecho. Anthu anakhala pansi n'kutseka zitseko zimenezi mwadala, ife tikazipeza zotseka timathamangira pa intaneti kukafufuza momwe tingazigumulire. N'chimodzimodzi ndi guest, akaunti imene imabwera kale ndi RabbitMQ. Kuyambira version 3.3.0 mu 2014 guest saloledwa kulowa kuchokera kunja kwa localhost, koma mpaka lero ndimapeza ma seva amene wina anaika `loopback_users = none` kuti zimuyendere Lachisanu madzulo, kenako port 15672, ya tsamba loyang'anira RabbitMQ, ili poyera, dzina guest, password guest. Ine port yanga ya 5678 inakhala yotsegula masiku atatu ndisanakumbuke. Kuti palibe anailowa, sikunali kuchenjera kwanga.

Pali chizolowezi china chimene ndikufuna nditsutse ndisanaiwale, cha "ingoyambitsaninso". Ndi mankhwala athu a matenda onse, ngati panado. Ukayambitsanso worker, wafufuta umboni wokhawo umene unali nawo, ndiwo process yokakamira ija ili pamzere weniweni umene yakakamira. Ine ndinapha mboni ziwiri usiku uja ndisanazifunse kanthu. Choipa kwambiri ndi batani la purge, lofufuta ma meseji odikira mu queue. Ndinaonapo munthu akulikanikiza chifukwa choti nambala yaikulu inkamusowetsa mtendere. Nambala inapitadi pa ziro, pamodzi ndi marisiti a anthu.

Poti tayamba za kuyambitsanso, ngati RabbitMQ yanu ili mu Docker, chenjerani ndi hostname. Node ya RabbitMQ imadzitcha `rabbit@` kenako hostname, ndipo imasunga deta yake mu foda ya dzina lomwelo. Mukapanga container yatsopano osaika hostname yokhazikika, Docker imapereka dzina lina, RabbitMQ imatsegula foda yatsopano, ma queue anu onse ngati asowa, chikhalirecho ali pa volume pomwepo pansi pa dzina lakale. Mnzanga wina anatsala pang'ono kulira ndi zimenezi. Izi sizikukhudzana ndi funso lanu, koma tsiku lina mudzandithokoza.

Zoti muchite musanakhudze worker

Lowani pa seva ya broker mulembe izi:

`rabbitmqctl list_queues name messages_ready messages_unacknowledged consumers`

Manambala atatuwa amanena pafupifupi nkhani yonse. Ngati ready, ndiwo ma meseji odikira kutoledwa, ikukwera ndipo consumers ndi 0, worker yanu ili moyo kwa systemd kokha, broker inaisudzula kale. Tsegulani log ya RabbitMQ, kawirikawiri mu `/var/log/rabbitmq/`, mufufuze mzere wa heartbeat uja. Mukapeza `PRECONDITION_FAILED` yonena kuti nthawi ya ack yatha, ndiye kuti mwagunda consumer timeout, imene pa ma version a masiku ano ndi mphindi 30: meseji ikakhala nthawi yoposa pamenepo yopanda ack, broker imatseka channel. Ngati consumers alipo koma unacknowledged yaima pa nambala imodzi yosasuntha, makamaka yofanana ndi prefetch yanu (malire a ma meseji opanda ack amene worker imaloledwa kugwira nthawi imodzi), worker yagwira ma meseji koma sikuwamaliza, kapena pali njira ina mu code imene imaiwala ack. Ngati amene akukakamira ndi otumiza, lembani `rabbitmq-diagnostics alarms`. Broker ikadya memory kupyola malire, amene pa 3.x ndi 40 peresenti ya RAM ndipo pa 4.0 anakwezedwa kufika 60, kapena disk ikatsala ndi malo ochepera 50MB, imatsekereza onse otumiza mwakachetechete, ndipo ma connection awo amaoneka blocked.

Mukatsimikiza kuti vuto lili mu worker, musaiphe. Lembani `py-spy dump --pid` ndi nambala ya process, ndi sudo. Ikuonetsani thread iliyonse ndi mzere umene yaima, popanda kuyambitsanso kanthu kapena kusintha code. Mu Docker pamafunika `SYS_PTRACE`. A Java ali ndi `jstack`. Ine ndikubetcha fanta kuti mupeza code yanu ili pa socket ikudikira yankho la HTTP kapena la database, monga inalili yanga.

Ngati pambuyo pa zonsezi mukufunabe debugger, chabwino, koma osati pa queue yeniyeni. Koperani meseji yovutayo muiike mu queue ina yoyeserera, yambitsani worker ina yapadera imene ikuwerenga kumeneko ndipo situmiza SMS kapena kukhudza ndalama zenizeni. debugpy imvetsere pa `127.0.0.1:5678`, inu mulowe ndi `ssh -L 5678:127.0.0.1:5678` kupita pa seva, VS Code muilozetse pa localhost. Pa connection yoyeserera yokhayo mutha kuika `heartbeat=0` kuti muime mwamtendere. Code ya pa laputopu ikhale commit yomweyo ndi ya pa seva, apo ayi breakpoint imagwera pamzere wolakwika n'kukusokonezani mutu. Ndipo pamalo ambiri logpoint ikukwanirani, imalemba zomwe mukufuna kuona osaimitsa pulogalamu.

Ife titachira tinasintha zinthu zinayi. Timeout pa `requests` iliyonse. Ack pa meseji iliyonse, prefetch yaing'ono. Ntchito yotenga nthawi inapita pa thread yake, ack ikubwerera kudzera pa `add_callback_threadsafe` kuti heartbeat isafe. Chachinayi, chimene ndinakangana nacho ndi abwana sabata yathunthu chifukwa ankati n'kutaya nthawi, chinali tebulo laling'ono mu database lokhala ndi nambala ya risiti ngati unique key, worker iziyang'anamo isanatumize. RabbitMQ yokhala ndi ack imalonjeza kuti meseji ifika kamodzi kapena kuposa apo, sinalonjezepo kamodzi kokha, ndiye kubwereza kudzachitika ndithu ngakhale popanda munthu wopusa wokhala pamkeka ndi debugger.

Mayi wa ku Area 25 uja tinamusindikizira statement, ndinamuperekeza mpaka pa siteji n'kumulipirira minibasi ya m'thumba mwanga. Achimwene, mukayendetsa `list_queues` ija munditumizire manambala atatuwo pamodzi ndi version ya RabbitMQ yanu, chifukwa mu imelo simunaitchule.