Kwa achimwene ndi achemwali amene mwalowa kumene usilikali ku Britain: za kukweza galimoto m'ndege

Ambiri mwa ife amene tinachoka ku Malawi n'kulowa gulu lankhondo la Britain tinaikidwa ku ntchito yoyendetsa magalimoto ndi kusamala katundu, choncho tsiku lidzafika loti galimoto yanu ikwezedwe m'ndege ku Brize Norton, bwalo la ndege zankhondo m'chigawo cha Oxfordshire, kumene kumakhala ndege za C-17 ndi A400M. Yoyambayo imanyamula matani pafupifupi 77, ndipo yachiwiriyo matani 37. Mukaiona C-17 itatsegula chitseko chake chakumbuyo mudzaganiza kuti chilichonse chikhoza kuponyedwamo, koma ndege imeneyi imafuna kudziwa kulemera kwa chinthu chilichonse ndiponso malo enieni amene chakhala.

Ntchito imayamba galimoto isanayandikire ndege. Imatsukidwa mpaka kunsi kuti dothi la dziko lina lisapite ku dziko lina, amaonetsetsa kuti sikudontha mafuta, ndipo thanki saidzaza chifukwa mafuta amatha kusefukira m'mwamba. Kenaka imakwera pa sikelo, matayala akutsogolo paokha ndi akumbuyo paokha, ndipo pambali pake amalembapo chizindikiro chosonyeza pakati pa kulemera kwake. Chizindikiro chimenecho ndi chimene loadmaster, mkulu woyang'anira katundu m'ndege, amawerengera posankha pamene galimotoyo iime. Ndikupempheni kuti galimoto ikangotsika pa sikelo musaikemonso kanthu, ngakhale mnzanu atakuchondererani kuti mumubisire chikwama kapena zigubu ziwiri za madzi. Kwathu minibasi siidzaza, koma kuno mukatero ndiye kuti mwamunamiza munthu amene wanyamula moyo wanu.

Pokwera, maso anu akhale pa munthu mmodzi yekha amene akukutsogolerani ndi manja, ndipo mukasiya kumuona imani pomwepo. Magalimoto oyenda pa zitsulo m'malo mwa matayala amayalidwira matabwa kuti asawononge pansi pa ndege.

Pa kamangidwe ndi pamene ndikufuna kuti mumvetsetse, chifukwa luso lathu lomanga thumba la chimanga ndi mphira pa njinga silifika pamenepa. Lamulo la ndege ngati C-17 ndi lakuti katundu agwiridwe ndi mphamvu yoposa kulemera kwake katatu kuti asathamangire kutsogolo, kawiri kuti asanyamuke, ndiponso kamodzi ndi theka kuti asabwerere m'mbuyo kapena kusendera m'mbali. Galimoto ya matani 12 imafuna matcheni otha kugwira matani 36 kuti isapite kutsogolo. Tcheni chachikulu chimagwira matani 11 ndi pang'ono chikamakoka mowongoka, koma popeza chimamangidwa mopendekeka kuchoka pagalimoto kupita pa mphete zapansi, mphamvu yake imatsika kufika pafupifupi matani 8 ndi theka. Mukawerengera mupeza matcheni anayi ndi kachidutswa, ndipo popeza amamangidwa awiriawiri, china kumanja china kumanzere, yankho lake ndi asanu ndi chimodzi. Zimene zimasokoneza atsopano n'zakuti matcheni oletsa galimoto kupita kutsogolo ndi amene amalozera kumbuyo. Musasakanize matcheni ndi malamba pogwira mbali imodzi, pakuti lamba amatamuka pamene tcheni sichitamuka, ndiye katundu yense amagwera pa tcheni chokha. Mtundu uliwonse wa galimoto uli ndi chithunzi chake chovomerezeka chosonyeza pokoleka tcheni chilichonse, ndipo chimenecho ndicho muzitsata, osati zimene munaona mnzanu akuchita chaka chatha.

Pa 29 April 2013 ndege ya Boeing 747 ya kampani ya National Airlines inagwa itangonyamuka pa bwalo la Bagram ku Afghanistan, ndipo anthu onse asanu ndi awiri amene anali m'menemo anafa. Inanyamula magalimoto asanu osaopa mabomba okwirira, amene anakwezedwa ku Camp Bastion (umene unali msasa wa asilikali a Britain ku Afghanistan komweko), atatu a matani 18 ndi awiri a matani 12. Ofufuza a ku America anapeza kuti galimoto yakumapeto inamangidwa ndi malamba 24 pamene inkafunika 60, ndipo ndegeyo itadzutsa mphuno galimotoyo inabwerera m'mbuyo, n'kuboola khoma lakumchira ndi kuthyola zida zowongolera ndege. Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti ali pansi ku Bagram, asananyamuke, ogwira ntchito m'ndegemo anakambirana kuti lamba wina waduka ndiponso kuti katundu wasendera pang'ono. Chizindikiro anachiona, koma ulendo unapitirira.

Nkhani imeneyi ndimaifotokozera makamaka ife a kumudzi, chifukwa tinaleredwa kuti mwana sakonza mkulu pagulu, ndipo tikafika kuno timawonjezerapo mantha a chilankhulo ndi a maudindo. Ine ndemwe, m'chaka changa choyamba, ndinaona tcheni chitakolekedwa pa chitsulo chosayenera, ndipo ndinayenda uku ndi uku kwa mphindi zingapo ndikudzifunsa ngati ndili woyenera kulankhula pamaso pa sajeni. Nditalimba mtima n'kunena, loadmaster sanandifunse za udindo wanga kapena kumene ndinachokera. Anagwada, anayang'ana, analamula kuti chimasulidwe, ndipo anandiuza kuti ndiyendere matcheni ena onse a mbali imeneyo.

Choncho mukamaliza kumanga, gwirani tcheni chilichonse ndi dzanja, ndipo ndege ikatera panjira kukamwa mafuta muyenderenso, chifukwa m'kati mwa ulendo galimoto imakhazikika, tcheni chimene chinali cholimba n'kuyamba kugwedera. Mukapeza chogwedera musachikunge mwakachetechete kuti mubise manyazi a mnzanu amene anachimanga. Itanani loadmaster, mulozereni, ndipo mumuuze malo amene mwachipeza.