Kachogwirira makadi kanuko musakaonetse pa Facebook musanalembetse

Achimwene, mwafunsa ngati kathabwa kanu kogwirira makadi a njuga, kamene kali ndi timabowo tosungira makobili pa desiki, mungakatengere patenti (chikalata choletsa ena kupanga kapena kugulitsa chimene mwatulukira popanda chilolezo chanu) kuno ku Harare. Ndikuti mungathe, koma mverani kaye.

Malamulo a masewera a makadi paokha salembetsedwa ayi. Ngakhale mutapeka kaseweredwe katsopano, a ARIPO, bungwe lopereka mapatenti m'mayiko angapo a mu Africa, sangakupatseni patenti pa zimenezo. Chimene amayang'ana ndi chipangizocho: kodi kachitsulo kofinyira makadi kaja kamagwira ntchito mwanjira imene wina sanaipangepo? Ngati chatsopano ndi maonekedwe okha, lembetsani ngati industrial design (chitetezo cha maonekedwe a chinthu), ndi zotsikirako mtengo.

Mwayi wanu, likulu la ARIPO lili pompano ku Belgravia. Pansi pa pangano la Harare Protocol la 1982, fomu imodzi imakwanira mayiko angapo, Zimbabwe ndi Malawi momwemo, ndiye kumudzi simufunika kukayambiranso. Patenti imakhala zaka 20 kuchokera tsiku lolembetsa, koma chaka chilichonse mumalipira, mukaleka imafa.

Chomwe chandidetsa nkhawa n'choti mwati mukufuna kuyamba mwagulitsako pang'ono ku Mbare. Musatero! Chinthu chikaonekera kwa anthu musanalembetse, utsopano wake umatha, ndipo amisiri a kumsika wa Siyaso, aja amaona kamodzi basi, mawa lake mupeza zofanana zili mbwee.

Usiku uno lowani pa Google Patents, tsamba la pa intaneti lofufuzira mapatenti, mulembe card holder. Zogwirira makadi zakale zilipo zambirimbiri ndi zojambula zake, ndipo zomwe zaka zake zinatha aliyense angazipange. Yerekezani ndi kanuko musanatulutse ndalama.