Crankshaft yagwira titathina mabawuti, tipitirize kumanga injini?

Lachiwiri lapitali ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene ali ndi minibasi ya Hiace yoyenda pakati pa Lilongwe ndi Dedza. Injini yake ndi 3L, ya dizilo ija ya malita 2.8. Inanoka, anaiphwasula, masilinda anakawakulitsa ku makina, crankshaft (chitsulo chimene mapisitoni amazunguza) anakaipala. Pano akumanganso, koma atangothina mabawuti a makapu a ma main bearing (zogwirira crankshaft ku buloko ya injini), crankshaft yagwira zolimba moti kuti izungulire mpaka aike chitsulo chachitali n'kuyedzamirapo. Amakaniko awo akuti palibe chodandaulitsa, zatsopano zimatero, ikalira imasuka yokha. Ndiye akufunsa ngati apitirize.

Ayi achimwene, musapitirize. Imani pomwepo, pisitoni ngakhale imodzi isalowe.

Crankshaft imene yagona bwino pa ma bearing ake asanu, yopakidwa oyilo, yothinidwa pa mlingo wake, imazungulira ndi dzanja limodzi popanda kubuula. Chifukwa chake n'chakuti injini ikamayenda, chitsulo sichikhudza chitsulo chinzake. Pakati pa crankshaft ndi bearing pamakhala kampata kochepa kwambiri, kosakwana 0.1 mm, kuonda kwake ngati tsitsi limodzi, ndipo m'kampata kameneko ndi mmene oyilo amakhala atanyamula crankshaft yonse. Kampatako kakasowa, oyilo alibe polowa. Zoti imasuka yokha n'zoona ndithu, koma imamasuka chifukwa yadya bearing, ndipo zinyenyeswa zakezo zimayenda ndi oyilo mpaka ku hedi. Mudzaimva ikugogodanso musanabweze n'komwe ndalama ya ovaholo.

Tsono kupeza pamene pagwira si nkhani yovuta, kumangofuna kudekha. Masulani makapu onse, muone ngati ikuzungulira. Kenako thinani imodzi imodzi, mukuzunguza nthawi iliyonse. Kapu imene mukangoithina crankshaft n'kuuma, mlandu uli pamenepo.

Choyamba chimene ndimakayikira ndi makapu osinthana. Buloko ija kufakitale anaiboola makapu ake ali pomwepo, ndiye kapu iliyonse ndi ya malo ake okha. Ali ndi manambala 1 mpaka 5, kuyambira kutsogolo kumene kuli timing belt, ndiponso kamuvi koloza kutsogoloko. Mwana wophunzira ntchito akawatsuka onse m'beseni limodzi n'kuwaika mmene awatolera, kapu ya 2 ikapita pa 4, zatha. Choipa kwambiri ndi kapu yochokera ku buloko ina imene munthu anagula pa sikirapu chifukwa yake inasweka. Imeneyo singagwirizane pokhapokha buloko ibwerere ku makina akaboolenso mzere wonse pamodzi.

Chachiwiri ndi saizi. Crankshaft ikapalidwa imaonda, ndiye imafuna ma bearing onenepa molingana: 0.25 mm kapena 0.50 mm. Ngati anapala 0.25 inu n'kuikapo a 0.50, igwira monga yachitiramu. Mukaikapo a STD, a saizi ya crankshaft yosapalidwa, izungulira mosangalatsa kwambiri, koma nyali ya oyilo idzayamba kuphethira injini ikatentha. Musakhulupirire zolembedwa pa katoni. Ine ndinagulapo pa shopu ina katoni yolembedwa 0.25, m'kati muli a 0.50, ndipo ndinataya tsiku lathunthu ndikunyoza a makina amene sanalakwe kanthu. Tembenuzani bearing iliyonse muwerenge chidindo chakumsana kwake.

Chachitatu, chimene chimapha injini zambiri kuno kwathu, ndi litsiro. Magalaja athu ambiri ali pamtetete, pansi pa mtengo kapena pakhonde la shopu, ndiye mu Okutobala kamvuluvulu mmodzi akadutsa, buloko yonse yopakidwa oyilo imakhala ngati mwaiwaza mchenga. Kambewu kamodzi ka mchenga, kapena kaulusi ka chisanza, kakatsalira kumsana kwa bearing, kamaitukula pang'ono, ndipo kampata kaja kathera pomwepo. Mukaichotsa mudzaona kadontho konyezimira pamene pamakhulapo. Kumsana kwa bearing ndi pamalo pamene imakhalapo pazikhala pouma, popanda oyilo kapena girisi. Oyilo amapita mbali yokhudza crankshaft yokha. Onetsetsaninso kuti ma bearing okhala ndi kangalande ndi bowo ali m'buloko, bowolo litayang'anana ndi njira ya oyilo, ndipo osalala aja ali m'makapu.

Popeza takamba za litsiro, ndifunseko: buloko itachoka ku makina munaitsuka ndi chiyani? Ambiri amangoipukuta ndi palafini kapena dizilo. Sizikwanira. Mwala umene amasalazira masilinda umasiya fumbi lolimba lobisala m'timizere ta m'makoma, ndipo limachoka ndi madzi otentha, sopo wa ufa ndi bulashi basi. Tsukani, umitsani msanga isanachite dzimbiri, pakani oyilo pang'ono, ndiye pukutani ndi kansalu koyera. Kansaluko kakatuluka kotuwa, bwerezani. Timabowo ta oyilo ta m'crankshaft namonso mudutse kabulashi ndi mpweya, chifukwa zitsulo za bearing imene inanoka ija zimabisala mommo. Mukaweruka madzulo, buloko muziivindikira ndi pulasitiki.

Zonsezi zikakhala bwino koma ikugwirabe, pafunika kuyeza. Pali kaulusi ka pulasitiki kotchedwa Plastigage. Kobiriwira kamayeza kuyambira 0.025 mpaka 0.076 mm. Mumadula kachidutswa, kuika pa crankshaft youma, kuthina kapu pa mlingo wake osazunguza, kumasula, n'kufanizira kuphwathalala kwake ndi mizere ya pa kapepala kake. Ngati simukapeza, nyamulani buloko ndi crankshaft mubwerere kwa amene anapala akayeze ndi micrometer, chipangizo choyezera kunenepa kwa chitsulo, inu muli pomwepo. Akaonenso ngati crankshaft sinapindike, poti injini yonoka itatenthetsa imatha kuipinda. Chizindikiro chake n'chakuti imagwira mbali imodzi ya mzungulo n'kumasuka mbali ina.

Simunanene ngati amakaniko anu ali ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yothinira mabawuti. Ndikukayika. Pa 3L mabawuti a makapu a main amafuna 103 Nm, opakidwa oyilo pang'ono m'mazinga, kuthina pang'onopang'ono maulendo angapo kuyambira kapu yapakati kupita kunja. A con-rod, mkono wolumikiza pisitoni ku crankshaft, ndi 54 Nm kenako kuwonjezera madigiri 90. Mkono wa munthu, ngakhale wa zaka makumi atatu pa ntchito, sudziwa 103. Bwerekani ngakhale kwa tsiku limodzi. Musaiwale ma thrust washer, oletsa crankshaft kusuntha kwambiri kutsogolo ndi kumbuyo: timingalande take tiyang'ane kunja kumene crankshaft imakhudza. Mukatha mukankhe crankshaft ndi sikuludiraiva kutsogolo ndi kumbuyo, izisuntha pang'ono chabe. Ikapanda kusuntha n'komwe, mwina vuto lanu lonse ndi lomwelo.

Ikamasuka, zotsalazo n'zodziwika. Ringi iliyonse iyambe yalowa yokha m'silinda, muikankhe ndi mutu wa pisitoni kuti ikhale mowongoka, muyeze mpata wa pakamwa pake, chifukwa ikatentha imafutukuka, ndipo ngati pakamwapo patsekeka imathyoka kapena kukanda silinda. Zilembo za pa maringi ziyang'ane kumwamba, mipata yake isakhale mzere umodzi. Chizindikiro cha pa pisitoni chiloze kutsogolo. Pa mabawuti a con-rod valikani tizidutswa ta payipi ya labala kuti asakande crankshaft polowa. Pisitoni iliyonse ikalowa, zunguzani. Izilemera pang'ono chifukwa cha maringi, koma osati kugwira.

Pali chimodzi chimene ambiri amachidumpha pa injini za mtundu uwu. Pisitoni ikafika pamwamba imatulukira pang'ono pa buloko, ndipo kutulukirako ndi kumene kumasankha gasiketi ya hedi, B, D kapena F. Ngati a makina anapala pamwamba pa buloko, gasiketi imene munachotsa ija mwina siyeneranso, ndiye yezani musanagule. Pa tsiku loliza, chotsani ma glow plug ndi waya wa pa pampu ya dizilo, muzunguze ndi sitata mpaka nyali ya oyilo itazima, kenako mubwezeretse n'kuliza.

Mundilembere mukapeza kapu imene ikugwira, ndipo mujambule kumsana kwa bearing yake, chidindo chioneke.