Akuti kaligo amuononga dzanja mwana

Mayi wina wa ku Lilongwe wandilembera imelo. Mwana wawo wa zaka 9 wayamba kuphunzira vayolini kusukulu, koma akapita kumudzi ku Dedza agogo ake amamugwiritsa kaligo, ndiye aphunzitsi anena kuti aleke chifukwa kaligo amuononga dzanja. Akufunsa ngati amuletse.

Mayi, ndikuyankhani, koma mundilole nditulutse kaye zakukhosi, chifukwa mawu amenewo nanenso anandigwerapo. Amalume anga anali katswiri wa kaligo, ndipo ankapanga okha: kachipika kogoba, chikopa cha ng'azi chokhomedwa ndi tizikhomo ta mtengo, kamtengo kodutsa pakati, ndi nsambo imodzi basi, imene nthawi zambiri inali waya wa mabuleki a njinga. Uta unali wa khonje. Asanayambe ankaunyowetsa ndi malovu nkuukhulitsa pawayapo mpaka ugwire, kenako kaligo nkuyamba kulira motsatira mawu awo. Kukachita chinyezi chikopa chinkalefuka, ndiye ankachiwamba pamoto kwinaku akuchigogoda ndi chala, kumvetsera ngati chakungika. Akatopa ankandipatsa ine kuti ndizisokosera nkhuku kuseri kwa nkhokwe.

Kusekondale ina ya mishoni kumene ndinapita kunali mavayolini akale m'kabati. Mphunzitsi wathu ataona kagwiridwe kanga ka uta anandifunsa kumene ndinaphunzira. Nditamuuza, anaseka pamaso pa kalasi yonse, nkundiuza kuti za kumudzizo ndizisiye pachipata. Koma anzanga anatha teremu akusakasaka pamene pali noti, ine khutu linali litatseguka kalekale.

Chifukwa chake sichovuta. Vayolini ilibe timizere tachitsulo ta pakhosi timene gitala ali nato. Nsambo zake zinayi, G, D, A ndi E, zimakupatsa manoti anayi okha aulere. Ena onsewo uwapeze wekha ndi chala, ndipo chala chikangosuntha pang'onong'ono noti yapotoka. Chimene chimatsogolera chalacho ndi khutu. Kaligo nayenso alibe timizere, ndiye mwana wanu akamatsatira nyimbo ya agogo pansambo imodzi, akuphunzira chinthu chomwecho chimene ana ambiri a vayolini amalimbana nacho kwa zaka.

Za uta nazonso ndi chimodzimodzi. Ubweya wa kumchira wa hatchi, umene umakhala pa uta wa vayolini, paokha umangoterera pansambo. Timaupaka rosin, utomoni wouma wa mtengo wa paini, kuti ugwire nsambo, uikoke, nsambo ipulumuke, ugwirenso, ndipo pansambo ya A kugwira ndi kupulumuka kumeneku kumachitika ka 440 pa sekondi imodzi. Malovu a amalume pakhonje ankagwira ntchito yomweyi. Mwana amene wazindikira kale kuti ukapanikiza kwambiri choimbira chimalira ngati chitseko cha dzimbiri, ukafooka chimangopuma mpweya, wadutsa kale pamene anzake ambiri amatayira mtima.

Ine ndikuona kuti nkhani ya dzanja ndi yongonamizira. Alipo aphunzitsi ena amene amachita manyazi ndi chilichonse chonunkha utsi wa kumudzi, ndipo sadziwa nkomwe kumene vayoliniyo inachokera. Inayamba kuoneka kumpoto kwa Italy m'zaka za m'ma 1500, ndipo mmodzi wa makolo ake ndi rebec, choimbira chakale cha uta chimene chinachokera ku chinzake cha Aluya chotchedwa rabab. Poyamba inali ya oimba m'madansi ndi m'maukwati, anthu olemekezeka ankaiyang'anira pansi. Antonio Stradivari wa ku Cremona, mzinda wa ku Italy, amene anamwalira mu 1737 ndipo mavayolini ake lero amagulidwa ndi mamiliyoni a madola, anali mmisiri wa matabwa ndi guluu, wodetsa manja tsiku lonse. Zoimbira za nsambo imodzi ndi uta zili ponseponse: masenqo ku Ethiopia, endingidi ku Uganda, orutu kwa Aluo a ku Kenya. Kumeneko azitenga nkupita nazo pasiteji ndi m'masitudiyo, ife tikukangana zoti mwana asagwire.

Chimandiwawa kwambiri ndi chakuti Hugh Tracey anayenda ndi makina ake m'midzi ya Nyasaland m'zaka za m'ma 1950 kujambula nyimbo zathu, za kaligo zomwe, ndipo zikusungidwa ku International Library of African Music, imene anaiyambitsa mu 1954 ndipo lero ili ku Rhodes University ku South Africa. Amalume anga palibe anawajambula. Ndipo taonani za Shinichi Suzuki wa ku Japan: njira yake yonse yagona pakuti mwana ayambe kuimba ndi khutu, monga amaphunzirira kulankhula, kuwerenga manoti kubwere pambuyo. Makolo m'maiko ambiri amalipira ndalama zankhaninkhani kuti ana awo aphunzitsidwe choncho. Agogo a ku Dedza akuchita zomwezo pamkeka, osalipiritsa ngakhale tambala.

Ndiye muchite chiyani?

Musamuletse. Kusiyana kulipo ndithu: pa kaligo chala chimangokhudza nsambo cham'mbali, pa vayolini chimaipanikiza mpaka pathabwa, komanso kagwiridwe ka uta ndi kena. Akabwerera kuchokera kumudzi, aphunzitsi angoyang'ana chala chachikulu cha kumanja kuti chapindika bwino, nkhani yatha, ndiyo ntchito imene mumawalipirira. Onetsetsani kuti vayoliniyo ndi ya msinkhu wake, pa zaka 9 kawirikawiri imakhala yaing'ono, ya saizi imene amati 1/2 kapena 3/4. Mwanayo azimasula uta wa vayolini akamaliza kuimba. Agogowo muwajambule pafoni ulendo womwe uno, ndipo muwapemphe amupangire kaligo wakewake, chikopa cha mbuzi chimagwira bwinobwino. Mukamapita ku Dedzako ndi vayolini musaisiye m'galimoto yotseka padzuwa la Okutobala, guluu wake amafewa ndi kutentha, mukapeza thabwa la pamwamba lamatuka.