Kalulu akuluma mwana: ndi chidwi kapena wayamba ukali?

Mayi ena a ku Lizulu, m'boma la Ntcheu, anditumizira imelo. Akuti akuweta akalulu asanu, ndipo amene amawapatsa chakudya ndi mwana wawo wamwamuna wa zaka 10. Kalulu mmodzi wamkazi, woyera wa mtundu wa New Zealand White, wakhala akumulumaluma mwanayo zala ndi mikono ya juzi, koma osamupweteka. Sabata yatha mwana atapisa dzanja m'khola kuti atulutse mbale ya madzi, kaluluyo anamuluma mpaka magazi. Bambo akunyumba akuti angomupha akhale ndiwo. Mayiwa akufunsa ngati kulumaluma kuja kunali chiyambi cha ukali womwewu, komanso ngati kaluluyu angasinthe.

Mayi, auzeni bambo mpeni ubadikira kaye. Zimene mwafotokozazi ndi zinthu ziwiri zosiyana, ngakhale zonse zachitika ndi mano omwewo.

Tiyambe ndi kulumaluma kwa juzi. Maso a kalulu ali m'mbali mwa mutu, motero amaona pafupifupi mozungulira monse, ngakhale kumbuyo, koma chinthu chimene chili pamphuno pake penipeni sachiona bwino. Amachizindikira ponunkhiza, pochikhudza ndi ndevu ndi milomo, kenako pochilawa ndi mano, ngati mwana wokwawa amene chilichonse amathamangira nacho kukamwa. Mwana wanu akachokera kothyola chisoso kapena kholowa, zala zake zimanunkha chakudya. Kalulu amanunkhiza, n'kugwira chala ndi mano, akamva kuti si tsamba amasiya. Pamenepo palibe mlandu.

Chinanso n'chakuti mano a kalulu sasiya kukula moyo wake wonse. Ali ndi mano 28, ndipo akutsogolo amakula pafupifupi mamilimita awiri pa sabata. Ayenera kumatafuna ndi kukukuta kuti manowo aziperepeseka. Kalulu amene akungopatsidwa gaga ndi timasamba tofewa amakukuta matabwa a khola, mbale, waya, juzi, chilichonse chimene wachipeza. Komanso akalulu ogwirizana amanyambitana ndi kutsinana pang'ono ndi mano poyeretsana ubweya. Ngati kaluluyu amanyambita dzanja la mwana kenako n'kulitsina mopepuka, ndiye kuti ankamuwerengera ngati mnzake. Nthawi zina amakukankha ndi mphuno, ukapanda kusuntha n'kukutsina kamodzi: akungokuuza kuti wamutsekera njira.

Kuti musiyanitse, musayang'ane pakamwa, yang'anani thupi lonse. Kalulu wachidwi amabwera pang'onopang'ono, khosi litatambasuka, makutu ataimirira kapena atalozera kutsogolo, mphuno ikugwedera. Akaluma amasiya yekha, khungu silichekeka, ndipo amakhalabe pomwepo osatekeseka. Wokwiya kapena wamantha amaonekeratu asanalume. Makutu amawagoneka kumsana, thupi limauma gwa, kamchira kamaimirira, ndipo amadzuma chapakhosi. Ena amamenya pansi ndi miyendo yakumbuyo, di! di! Kenako amalumphira dzanja n'kulikanda ndi miyendo yakutsogolo, ndipo akaluma amakanirira, nthawi zina osafuna kusiya. Mufunseni mwanayo bwinobwino, mosamukalipira, zimene anaona tsiku limenelo. Ana amaona zambiri kuposa mmene timaganizira, ndipo mwina akuuzani kuti kaluluyo anali atayamba kale kudzuma masiku angapo m'mbuyomo.

Mawu amene andigwira mtima m'kalata yanu ndi akuti mwana anapisa dzanja m'khola. Akalulu oweta anachokera kwa akalulu akutchire a ku Spain ndi Portugal, amene amakumba mauna pansi, ndipo wamkazi amateteza una wake kwambiri chifukwa amaswera momwemo. Khola lanu ndiye una wake. Akafika miyezi inayi mpaka isanu ndi umodzi, msinkhu woti n'kukweredwa, kalulu wamkazi amene anali wofatsa amatha kuyamba kulusira dzanja lililonse lolowa m'kati. N'chifukwa chake alimi odziwa pokweretsa amatenga wamkazi kupita naye kukhola la wamphongo. Mukachita mosemphanitsa, wamkaziyo amatha kumumenya wamphongo mpaka kumuvulaza.

Simunanene ngati anakweredwa posachedwa. Bere la kalulu limatenga masiku pafupifupi 31, ndipo akayandikira kuswa amatuta udzu ndi pakamwa, n'kumazula ubweya wa pachifuwa ndi pamimba kuti akonze chisa. Pa nthawi imeneyi, komanso tiana tikangobadwa, ambiri safuna kuyandikiridwa. Palinso bere labodza: amakonza chisa, amalusa, koma pakatha masiku 16 mpaka 18 zonse zimazilala, popanda mwana ndi mmodzi yemwe. Suzumirani pangodya za khola. Mukapeza ubweya woyera utaunjikana ndi udzu, yankho ndi limenelo, ndipo ukaliwo utha wokha.

Ngati chisa palibe, ganizirani za ululu. Kalulu amabisa matenda, koma akamamva kupweteka safuna kugwidwa. Tsegulani makutu muone ngati muli nkhanambo zokhuthala, zimene zimabwera ndi nthata za m'makutu. Onani ngati pachibwano panyowa ndi dovu kapena mano akutsogolo atalika n'kupindika. Onaninso zidendene, makamaka ngati pansi pa khola pali waya wokhawokha, chifukwa zimachita zilonda. Kalulu wongokhala ndwii pakona, osadya, akukukuta mano mokweza, akudwala, ndipo alangizi a ziweto a m'dera lanu amuone msanga. Kalulu akatha tsiku lathunthu osadya, moyo wake uli pachiswe.

Tsopano za kagwiridwe, ndipo apa ndikupemphani ndithu. Kwathu kuno tinazolowera kunyamula kalulu pomugwira makutu. Zimamupweteka, ndipo akamaphupha miyendo ili m'malere amatha kuthyoka msana. Kalulu wonyamulidwa chotere saiwala, amayamba kuluma dzanja lisanamufike. Mwana aphunzire kuika dzanja limodzi pansi pa chifuwa, lina kuchirikiza matako, n'kumutsamiritsa pathupi pake. Asamutsikire ndi dzanja kuchokera kumwamba mwadzidzidzi, popeza kutchire chimene chimachokera kumwamba ndi mbalame yolusa. Asamuyambirenso pamphuno pomwe saona. Ayambe wayankhula pofika pakhola, dzanja libwere chakumbali, alisiye kalulu anunkhize, kenako amusisite pachipumi. Kumumenya kapena kumukwapula ndi kamtengo akaluma kumangowonjezera mantha, ndipo mantha ndi amene amabala kuluma.

Konzaninso khola lenilenilo. Mbale za madzi ndi chakudya zikhale pafupi ndi chitseko kuti dzanja lisamalowe mpaka m'kati. Posesa, muyambe mwamutulutsa kalulu. Muikemo kabokosi kobisalamo, komwe kamuthandizenso pa mphepo ya Juni ndi Julayi, imene inu a ku Lizulu mukuidziwa bwino. Udzu wouma usamasowe m'khola usana ndi usiku, chifukwa ndiwo umaperepesa mano akumbuyo. Muponyerenimo timitengo ta mabulosi kuti azikukuta. Nthambi za mapichesi ayi, ngakhale zili mbwee kumeneko, ndipo masamba a kachewere ndi a tomato asawalawe n'komwe, ali ndi poizoni. Matabwa opakidwa oilo wakuda pothamangitsa chiswe nawonso asakhale pomwe mano angafike. Mwana azisamba m'manja akamaliza kuthyola masamba, ndipo chakudya aziika m'mbale, asamamudyetse ndi zala.

Bala la mwana musalipeputse. Mano a kalulu amalowa mozama ngakhale pamwamba paoneke pang'ono. Bala lotere limafunika kulitsuka nthawi yomweyo ndi sopo ndi madzi ambiri. Popeza papita masiku, onani ngati patupa, pafiira, pakutentha kapena pakutuluka mafinya, ndipo ngati zili choncho pitani naye kuchipatala lero lomwe. Tengani buku lake lakuchipatala kuti akaone za katemera wa kafumbata.

Kaluluyo mumupatse mwezi umodzi kapena iwiri, ndipo pa nthawi imeneyi azimusamala ndi munthu wamkulu, mwana azingoonerera ndi kuthandiza pa ena anayi aja. Ngati alibe bere, sakudwala, khola mwakonza, kagwiridwe mwasintha, koma akulumphirabe aliyense wofika pachitseko, pamenepo bambo ali ndi mfundo. Alipo akalulu ena aukali wachibadwa, ndipo oterowo sindingakulangizeni kuwasunga ngati mbewu pakhomo pomwe woweta wake ndi mwana wa zaka 10.